Masipanala a K700 omwe anandikhazika pansi masabata atatu

Ine ndine makanika, ndimagwirira ntchito ku Chawama kuno ku Lusaka, pambali pa msewu pansi pa kashedi ka malata asanu ndi limodzi. Kwathu ndi ku Katete. Sabata yathayi kunabwera kamnyamata kena komwe kangoyamba kumene kugwira payekha, kananyamula chibokosi chofiira chatsopano cha masipanala kudzandionetsa, nkhope ili mwee kusangalala, ndiye nditachitsegula mtima unangoti phwii chifukwa chinali chimodzimodzi chomwe ndinagula ine mu 2023, mtundu wokha ndiwo unasiyana. Ndinamufotokozera zanga zonse koma ndinaona kuti akungogwedeza mutu mwaulemu, sizikulowa. Mwina inu zikulowani.

Ndinabwera ku Lusaka mu 2016, ndinafikira kwa amalume. Sukulu ya umakanika sindinapiteko, ndinaphunzirira pamanja kwa mdala wina ku Garden yemwe anagwirapo kale ku UBZ, kampani ya mabasi ya boma, isanagwe m'zaka za m'ma 1990. Zaka ziwiri zoyamba ntchito yanga inali kutsuka mapati mu petulo, kupopa jeke ndi kupatsira masipanala basi. Mdalayo zida zake zinali zosaoneka bwino ngakhale pang'ono, zakuda, zina zolemba zake zinafufutika ndi manja, ankazisunga m'kabokosi kachitsulo kophwanyika chivundikiro. Zambiri zinali za Gedore, kampani ya zida ya ku Germany. Ankazikonda ngati ana ake, madzulo aliwonse tisanaweruke ankaziyala pa chiguduli n'kuziwerenga, ikasowa sipanala ya saizi 10 palibe wopita kunyumba mpaka ipezeke. Ine mumtima ndinkati mdalayu ndi waumbombo, ndalama amapeza koma kugula zida zooneka bwino ayi.

Mu 2023 ndinaona kuti ndakhwima, ndiyambe zanga. Ndinali nditasunga K3,500. Ndinalipira malo, ndinagula jeke ndi malata, ndiye yotsalayo ndinalowa nayo m'tauni kukasaka zida. Pashopu yoyamba anandiuza mtengo wa seti ya masoketi okhaokha, timakapu tachitsulo tovala pamutu pa bawuti tija, ndinangoseka n'kutuluka, inali yoposa ndalama yonse yomwe ndinali nayo m'thumba. Ndinayenda mpaka ndinafika pa kashopu kena komwe anandionetsa chibokosi chija, zidutswa zoposa 100, masoketi, masipanala, ratchet (chigwiriro cha mano chozungulitsira masoketi), mapulayasi, masikuludiraiva, mpaka katepi koyezera kanalimo. Anati K850, tinakambirana mpaka K700. Ndinakwera nacho basi nditachikumbatira pamiyendo ngati mwana wakhanda.

Mawa lake ndinapita nacho ku Garden kukadzitama. Mdala sanalankhule kanthu poyamba. Anatola sipanala ya 14, anaiyeza kulemera m'dzanja, kenaka anatola bawuti yakale pansi n'kuiika m'kamwa mwa sipanalayo, anaigwedeza uku ndi uku, inkamveka khwekhwekhwe. Anatenga yake yakuda ija n'kuika pa bawuti yomweyo, inangokhala nganganga osasuntha.

"Iwe mwana, wamva?"

"Ndamva aMdala, koma zonse ndi 14."

"Chikomekome cha mkuyu ichi. Ukamangire njinga ndi mabedi, koma pansi pa galimoto ya munthu usalowe nazo."

Ndinaseka, ndinati nsanje yawagwira chifukwa ndawasiya. Ichi ndi chinthu choyamba chomwe ndikanakonda ndikanachigwira tsiku lomwelo, popita kukagula zida nyamulani bawuti ziwiri zitatu m'thumba, ya 10, ya 14 ndi ya 17, muyeserere pashopu pomwepo. Wogulitsa akakana kuti muyese ndiye kuti wakuyankhani kale. Ndipo zija amalemba pa sipanala zoti chrome vanadium kapena Cr-V musamazikhulupirire zokhazo, masiku ano ngakhale yotchipitsitsa inalembedwa choncho, changa chibokosi chonse chinali ndi mawu amenewo.

Kunena chilungamo miyezi yoyamba zinkayenda. Masevisi, kusintha oyilo, mafyuluta, mapulagi, mabatire, palibe chinavuta, mpaka ndinayamba kuuza anzanga kuti zida zodula ndi kungotaya ndalama. Koma zizindikiro zinalipo, ine ndimwe sindinkafuna kuziona. Ratchet inayamba kudumpha mano mwezi wachinayi, ukamakoka mwamphamvu imangoti phulu. Ndinagula ina K150, nayo sinathe miyezi itatu, ndinagulanso ina K150. Sipanala ya 12 kukamwa kwake kunayasamuka mpaka inayamba kukwana pa 13. Sikuludiraiva yamtanda nsonga inaphwanyika. Chonyezimira chija chinayamba kusendeka ngati khungu la njoka, tizidutswa take tikumandibaya m'zala. Ndipo m'bokosi lonselo zomwe ndinkagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku sizinkafika n'komwe khumi ndi zisanu. Apa ndi pomwe amatipusitsira, nambala ya zidutswa. Magalimoto omwe timakonza kuno ambiri ndi a ku Japan, ma Corolla, Vitz, Allion, Spacio, Noah, Fit, ma Hiace, ndipo amenewa pafupifupi chilichonse ndi 8, 10, 12, 14, 17, 19, pa mawilo ambiri 21. Zinazo zimangogona m'bokosi kudikira Benz yomwe siidzabwera ku Chawama.

Vuto lenileni loyamba linabwera mu 2024, nthawi ija magetsi ankapita pafupifupi tsiku lonse chifukwa cha chilala madzi atachepa ku Kariba. Madamu ena aphunzitsi anabweretsa Vitz yawo m'mawa Lachisanu, mabuleki akutsogolo ankalira, ma disc, zimbale za mabuleki zija, anali atadyeka ofunika kuchotsa. Ndinawauza kuti pofika 12 koloko mudzatenge. Mbali imodzi inayenda bwino. Mbali inayo bawuti ya 17 yomwe imagwira bulaketi ya caliper, chitsulo chopana disc chija, inali itagwira dzimbiri. Ndinaika soketi yanga, ndinakoka, ndinamva kufewa kuja komwe makanika aliyense amakudziwa, kuti apa chayenda si bawuti ayi. Nditachotsa soketi mutu wa bawuti makona awiri anali atapita. M'malo moti ndiime pomwepo ndinabwezeranso soketi yomweyo n'kukokanso, kenaka ndinayesa ndi sipanala, kenaka vice grip, pulayasi yokhoma ija, pomaliza mutu unali wozungulira see ngati batani la malaya.

Chomwe sindinkadziwa, kapena ndinene kuti mdala anandiuzapo koma sindinasamale, n'chakuti masoketi alipo a makona 6 mkati ndi a makona 12. Wa makona 12 amalowa msanga koma amagwira bawuti chakumakona kwenikweni, ndiye chitsulo chikakhala chofewa komanso saizi yake ili yolobodoka ngati yanga ija, mphamvu yonse imathera kudya makonawo. Wa makona 6 amakumbatira mutu wonse. Pa bawuti yadzimbiri kapena yomangidwa kwambiri ikani wa 6, thirani kaye WD-40, mafuta opopera omasula dzimbiri aja, mudikire, menyani pang'ono pamutu ndi hamala, ndipo mukangomva kufewa kamodzi kokha siyani, musabwereze.

Njira yotsala inali kuwotcherera nati pamutu pa bawutiyo kuti ndipeze pogwira. Wowotcherera wapafupi analipo koma magetsi kunalibe. Madamu anafika 12 koloko ndendende, anapeza galimoto ili pa jeke, wilo lili pansi, ine thukuta kamukamu.

"Abambo, si munati 12?"

"Pepani madamu, pali kabawuti kamodzi kavuta."

"Kavuta kapena mwakaononga?"

Ndinasowa choyankha. Magetsi anabwera usiku cha m'ma 23, ine ndinali nditagona pa kashedi kulondera galimoto ya eni ake, ndinakadzutsa wowotcherera uja, anandilipiritsa K200 chifukwa cha usiku. Bawuti ina ndinakagula m'mawa K80. Madamu ndinawapatsa K150 ya taxi chifukwa Loweruka anali ndi ulendo wa ku chinkhoswe, ndipo K250 ya ntchito yanga sindinaitenge, manyazi. Sanabwerenso, ndipo anzawo awiri a pasukulu pawo omwe ankabwera kwa ine nawo anasiya. Sindiwada ayi, inenso ndikanatero.

Mungaganize kuti apa ndinaphunzira. Ayi ndithu. Ndinangogula soketi imodzi ya 17 yabwinoko, zina zonse ndinapitiriza nazo, ndinkati ndikapeza ndalama ndisintha, koma ndalama ya makanika wam'mbali mwa msewu mukuidziwa, imabwera m'mawa madzulo yapita ku unga ndi malasha.

Patapita miyezi iwiri kunabwera Hiace ya bwana wina yemwe anali ndi mabasi atatu, ameneyu ndiye anali kasitomala wanga wamkulu, lendi yanga inkachokera kwa iyeyu. Inali Lolemba m'mawa, dalaivala ndi kondakitala ali pamutu panga kuti fulumirani amakanika tikuluza ndalama. Manati a wilo lakumbuyo anali atamangidwa ndi mfuti ija yamphepo kwa okonza matayala, olimba zosaneneka. Wilo sipanala yawo inali itapindika kale. Ndinatenga soketi yanga ya 21 ya m'chibokosi chija, ndinaika pa ratchet, ndinalowetsa chipaipi chotalika kuposa mita kuchigwiriro, ndinatsamira ndi thupi lonse. Nati yoyamba inamasuka. Yachiwiri inamasuka. Yachitatu ndinangomva thwaa ngati mfuti, soketi inang'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi, ine ndinapita ndi mphamvu yonse ija, dzanja lamanja linakamenya m'mphepete mwa bodi pamwamba pa wilo pomwe lata linali lodyeka ndi dzimbiri.

Poyamba sindinamve kuwawa, ndinangoona kondakitala wagwira pakamwa. Nditayang'ana, chikhatho chinali chitatseguka kuchokera pansi pa chala chachikulu kupita chapakati, magazi akuchucha kusakanikirana ndi girizi, ndipo chala chapakati chinali chitayamba kale kutupa. Anandimanga ndi malaya a kondakitala n'kundithamangitsira ku kiliniki. Anasoka kasanu ndi kamodzi, anandibaya jekeseni ya kafumbata, mankhwala ena ndinakagula ndekha, zonse pamodzi ndi mayendedwe zinakwana K300. Ndalama imeneyo si yomwe inandipweteka. Chinandipweteka n'chakuti masabata atatu sindinathe kugwira sipanala, ngakhale nsima ndinkadya ndi dzanja lamanzere ngati mwana wosaphunzitsidwa. Nthawi imeneyo pa sabata ndinkapeza cha m'ma K1,000, ndiye werengani nokha. Basi ija anaikankhira kwa makanika wina tsiku lomwelo, ndipo mabasi onse atatu anakhazikika komweko mpaka lero.

Pano ndisanamizire soketi yokha. Theka la mlanduwu ndi langa. Ratchet siikidwa paipi, ngakhale yodula bwanji, mano ake sanapangidwire zimenezo, ntchito imeneyo ndi ya breaker bar, chitsulo chachitali chopanda mano chija. Ndipo pa nati yolimba choncho ndikanaika soketi yakuda ya impact, yopangidwira mfuti yamphepo, yokhuthala, chitsulo chake chimapirira kugunda, pomwe zonyezimirazi zikafika pamapeto zimasweka. Komanso pokoka muziyamba mwayang'ana kuti chikaphulika dzanja langa likathera pati. Mdala ankanena zimenezi tsiku lililonse, ine ndinkangomva ngati nyimbo ya pa wailesi.

Masabata atatu aja kunyumba kunali kozizira. Amake mwana amagulitsa tomato ndi kapenta pakhomo, ndiwo anatinyamula. Usiku wina atawerenga tindalama tawo anandifunsa mwakachetechete,

"Atate ake, chibokosi chija munati munagula zingati?"

"K700."

"Nanga manje chafika zingati?"

Tinakhala pansi n'kuwerenga pachikuto cha kope la mwana. Bokosi, ma ratchet awiri, wowotcherera, bawuti, taxi, ntchito yomwe sindinalipiritse, kiliniki, masabata atatu. Inafika K4,980, osawerengera madamu aja ndi anzawo, osawerengera mabasi atatu. Seti ija ndinaiseka pashopu yoyamba ikanagulika n'kutsala chenji.

Ndiye ndinachita kupusa kwachiwiri, komwe ndikufuna muchenjere nako kwambiri chifukwa kumagwira munthu amene wapsa kale. Dzanja litangopola ndinalumbira kuti kuyambira lero ndi zida za mayina zokhazokha. Ndinatsala pang'ono kutenga kaloba, amake mwana ndi amene anakana kwamtuwagalu, anati mukatenga kaloba ine ndikupita kwathu. Ndiye ndinaona munthu wina pa Facebook akugulitsa seti ya masipanala a dzina lalikulu, amati anabwera nawo kuchokera ku South Africa, K1,300 yokha. Tinakumana m'tauni chakumadzulo, anali wothamanga, ndinangoona dzina pa sipanala n'kumutumizira ndalama pafoni, ina yobwereka kwa mlamu wanga. Bawuti zoyesera zija sindinanyamule, tangoganizani. Nditapita nazo kwa mdala anangopala ndi chikhadabo ndi kansanza ka petulo, dzina linayamba kufufutika. Anandionetsa yake, zilembo ndi nambala zinachita kudindidwa mkati mwa chitsulo, ukamapititsa chala umazimva. Zanga zinali zongopaka pamwamba, m'mphepete muli mokalakala, kulemera kwake ngati supuni. Nambala ya foni ya mkulu uja inali itazimitsidwa kale. Zonse pamodzi tsopano K6,280.

Tsiku limenelo ndinakhala pa tayala ku Garden kuja misozi ili pafupi. Mdala sananene kuti ndinakuuza. Analowa m'kabokosi kake n'kutulutsa masipanala atatu, 12, 14 ndi 17, akale omwe anali nawo awiriawiri.

"Tenga, udzabweza ukagula zako. Ndipo usagule seti. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Mwezi uno chimodzi, mwezi wamawa chimodzi."

Ndi momwe ndinachitira. Ndinalowa chilimba ndi anzanga anayi, K300 pa sabata aliyense, ikafika nthawi yanga K1,500 yonse imapita ku zida, osadutsa kunyumba. Koyamba ndinagula breaker bar ya hafu inchi ndi masoketi a makona 6, 17, 19 ndi 21 yakuda. Kachiwiri masipanala a 8, 10, 12, 14 ndi masoketi ake, 10 ndinagula awiri chifukwa ameneyo ali ndi miyendo, aliyense wa ntchitoyi akudziwa. Kachitatu ratchet yabwino. Sindinakwanitse Gedore pa zonse, ndipo za Snap-on zodula za ku America zija timangozionera pa YouTube, zambiri zanga ndi za ku Taiwan monga King Tony, zapakatikati pa mtengo koma mpaka pano palibe yomwe yayasamuka kapena kusweka. Ndinagula m'mashopu okhazikika opereka risiti, komwe mawa ukabwerera uwapeza. Zakale zogwiritsidwa kale ntchito nazo ndi zabwino ngati uli ndi diso kapena wapita ndi mdala wodziwa, koma funsani komwe zachokera, zambiri zotchipa modabwitsa ndi zobedwa kwa makanika mnzanu.

Chomwe ndinachedwa nacho kwambiri ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira bawuti, ndinkati dzanja langa limadziwa. Dzanja silidziwa kanthu abale, makamaka pa injini za masiku ano zomwe mutu wake ndi wa aluminiyamu, pulagi ukangoipitiriza pang'ono mazinga apita. Manati a mawilo a Corolla kapena Vitz amafuna 103 Nm basi pa muyezo wa torque wrench, koma timawamanga ngati tikumanga mlatho, mapeto ake ndi zija zinandichitikira pa Hiace, wina amamanga mopitirira wina n'kudzavulala pomasula. Nditaigula inadya chilimba chathunthu ndi kuwonjezera. Mukagula yanu musamamasulire mabawuti, ndi yomangira yokha, mukamaliza muziibwezera pa nambala yotsika kuti sipuling'i isatope, ndipo musabwereke munthu. Kanthu kena kakang'ono koma kofunika ndi sipanala ya mapaipi a mabuleki, ya 10 yokhala ndi kampata kakang'ono, tinati ta pamenepo ndi tofewa, sipanala wamba imatidya nthawi yomweyo.

Sikuti chilichonse chiyenera kukhala chodula ayi, apa ena amapitirira. Hamala yanga ndi ya pamsika, bulashi yawaya, fanelo, mabeseni a oyilo, tepi ija ya m'chibokosi changa chija ndikugwiritsabe ntchito mpaka lero. Masoketi ang'onoang'ono a m'menemo omasulira mapulasitiki a dashibodi nawo akugwira bwinobwino. Ndalama ikani pa chomwe chimalandira mphamvu ya thupi lanu, ndi pa chomwe chimanyamula galimoto inu muli pansi, jeke ndi masitandi. Za kuika galimoto pa njerwa kapena pa jeke yokha n'kulowa pansi ndinasiya, dzanja limapola koma chifuwa chikaphwanyika ndi nkhani ina.

Zinanditengera chaka ndi miyezi kuti ndifike pomwe ndinganene kuti ndili ndi zida, ndipo zonse pamodzi sizifika n'komwe 40. Mlamu wanga ndinamubwezera yake pang'onopang'ono. Chala chapakati chija nyengo yozizira ya June ndi July chimauma, m'mawa ndimayamba ndachiwotha pa mbaula ya amayi ogulitsa vitumbuwa pafupi ndi shedi yanga ndisanagwire sipanala.

Masipanala atatu a mdala ndinakabweza mwezi wathawu. Anawalandira, anawapukuta ndi chiguduli ngakhale ndinali nditawapukuta kale, anatenga 12 ndi 17 n'kuika m'kabokosi, 14 anandibwezera. Kamnyamata ka chibokosi chofiira kaja kanabweranso dzulo madzulo, kamafuna kubwereka soketi ya 17, kakuti yake yayamba kuterereka pa Allion ya munthu. Ndinatseka shedi n'kupita nako limodzi kukaona bawutiyo, makona anayi anali akadalipo.